Chopumira Chimodzi, Anthu Awiri

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumbako ndi ana. Ine ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewo chifukwa tsiku lija munandiimbira foni simunandipatse mpata ngakhale wokhosomola. Munati, "Iwe mwana, zamadzizo uzisiye. Uthokoze Mulungu kuti anakupatsa mwamuna wolimba mtima, bwenzi pano tikulira." Ine ndinangoti chabwino, ndamva. Kodi simunadabwe? Ndinayamba liti ine kuvomera chinthu osatsutsa?

Ndasankha kulemba kuti muwerenge mpaka kumapeto osandidula pakamwa. Mwamva mbali ya Dalaivala, amene mwayamba kale kumutchula kuti alamu ukwati usanachitike. Tsopano imvani yanga. Nkhani ya ukwati wa mu Disembala nayo ili momwemu, ndiye khalani pansi, ana muwatume kaye kunja.

Mukudziwa kuti ndinalowa ntchito pakampani yotengera alendo pansi pa nyanja ndisakudziwa ngakhale kusambira. Malo anga anali pakauntala: kulandira anthu, kuyankha foni, kuwayeza zovala za labala zolowera m'madzi. Ankapita m'mawa nkhope zili gwa, n'kubwera masana tsitsi litanyowa, akulankhula onse nthawi imodzi za nsomba zimene aona. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikuzidziwa. Tsiku lina Aphunzitsi, mayi wamfupi wosaseka wamba amene amaphunzitsa anthu kuyenda pansi pa madzi, anaima pakauntala panga n'kunena kuti, "Iwe, udzagulitsa mpaka liti chinthu chimene sunachionepo? Lolemba ubwere ndi thaulo."

Pansi pa madzi munthu saloledwa kupita yekha. Aliyense amakhala ndi mnzake, ndipo mnzakoyo ndiye amayang'ana zida zako musanalowe, iwe n'kuyang'ananso zake. Ndiye ndinakakamiza Dalaivala, amene ankabweretsa alendo pa minibasi kuchokera kumahotela, kuti tilembetse limodzi. Sanavute. Anati iye anakulira m'madzi, adzandiphunzitsa kuposa Aphunzitsiwo.

Kosi yoyamba tinayambira m'dziwe losambiramo. Amakuveka jekete lokhala ndi thanki ya mpweya kumsana, lamba wa zitsulo m'chiuno kuti umire, zipsepse kumapazi, magalasi ophimba maso ndi mphuno, ndipo m'kamwa umaluma chopumira chimene chimabweretsa mpweya kuchokera kuthanki. Kuyenda nazo pamtunda umangofanana ndi bakha wosenza katundu. Apa ndikuvomera, ndinali wamantha. Tsiku limene anatiuza kuti tivule magalasi pansi pa madzi n'kuwavalanso, madzi atangondikhudza m'mphuno ndinaimirira n'kutuluka ndikutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Ndinakuuzani ndekha nkhani imeneyo ndipo munaseka mpaka foni inagwa. Dalaivala ndiye anandigwira dzanja tsiku limenelo, nati, "Usaope, ndili pompano." Ndinabwerera pansi chifukwa cha iye, ndipo zimenezo sindingamulande.

Koma mantha a tsiku loyamba sakhala mpaka kalekale, Achemwali. Pofika kosi yachiwiri, imene tinapita mozama kwenikweni n'kuphunzira kupeza njira ndi kampasi, ine ndinali nditapeza kwathu kwina. Kumeneko kulibe foni, kulibe bwana, kulibe wokufunsa kuti ukwatiwa liti. Umangomva kupuma kwako ndi thovu likukwera. Dalaivala yekha ndiye anasochera, chifukwa ankatsutsana ndi kampasi. Atatuluka kutali ndi boti anati kachipangizoko n'kabodza, iye ndi munthu wa pamsewu, njira amaidziwa ndi mutu. Tonse tinaseka, nayenso anaseka. Ndinkamukonda chifukwa cha zomwezo, pakamwa pake sipauma.

Kosi yachitatu inali yopulumutsa anthu. Wina amadziyesa wakomoka, mnzake n'kumukweza pamwamba, kumukoka mpaka kumtunda ndi kumunyamula. Ine ndi kathupi kangaka ndinakoka chimunthu chonse chija mpaka pamchenga, msana uli ng'ang'ang'a. Wokomoka uja anatsegula diso limodzi n'kunong'ona kuti, "Mkazi wonyamula mwamuna chonchi sindingamusiyire wina. Tikwatirane." Munkandifunsa kuti anandifunsira bwanji, ine n'kumabisa. Ndi momwemo, ali chigonere chagada, mchenga uli m'makutu.

Pali kanthu kamene ndinkakaona koma osakaika kumtima. Thanki yake inkatha msanga kuposa ya wina aliyense, chifukwa pansi pa madzi ankapuma mothamanga. Madzi akamulowa m'magalasi, maso ankatuzuka. Tikatuluka ankati thanki yake sanaidzaze bwino. Ndinkangoti mwamuna aliyense ali ndi pomwe amabisa.

Tsopano ndifike pa kosi yachinayi, yoti munthu akhale mtsogoleri wotenga alendo pansi pa madzi. Imeneyi ndiyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, kuti ndichoke pakauntala. Mayeso ake omaliza ndi otere. Anthu awiri mumagwada pansi pa nyanja, pamalo osazama kwambiri, n'kusinthana zida: magalasi, zipsepse, jekete ndi thanki yake. Koma nthawi yonseyo mumapumira chopumira chimodzi. Wina amakoka mpweya kawiri n'kupereka, mnzake kawiri n'kubweza, choncho mpaka mutamaliza. Aphunzitsi anatiuza kuti sayesa mphamvu kapena liwiro, amayesa ngati ungapereke mpweya kwa mnzako pamene chifuwa chako chikuufunabe.

Tinagwirizana kuti tigwiritse ntchito chopumira cha Dalaivala. Tinayamba bwino. Zipsepse tinasinthana, tikupatsirana mpweya ngati anthu okondana. Ndinavula jekete langa ndi thanki yake n'kumupatsa, iye n'kulowetsa mkono umodzi, lake lidakali kumsana. Kenako tinavula magalasi kuti tisinthane. Pamenepo ndi pamene madzi anamulowa m'mphuno.

Ndinamumva akugwedezeka. Mapazi ake anavundula matope a pansi, madzi onse n'kuda bii, moti Aphunzitsi amene anagwada chapatali pang'ono sakanationanso. Inali nthawi yanga yopuma. Ndinatambasula dzanja n'kugwira chopumira chili m'kamwa mwake. Ndinadikira. Anakoka kawiri, katatu, kanayi. Ndinamugogoda paphewa. Ndinamuonetsa chizindikiro chimene tinaphunzira tsiku loyamba, dzanja lodutsa pakhosi, kutanthauza kuti mpweya wandithera. Nkhope zathu zinali pafupi kwambiri, Achemwali, anandiona. Anagwira chopumira ndi manja onse awiri. Nditayesa kuchikoka, anandikankha pachifuwa n'kubwerera m'mbuyo, atatenga jekete langa pamkono. Mathanki awiri anali kwa iye, ine ndilibe kalikonse.

Ndinafufuza m'matopemo chopumira cha thanki yanga, osachipeza. Chifuwa chinayamba kudumpha chokha. Ndinamasula lamba wa zitsulo n'kukwera, ndikutulutsa kampweya kotsala pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira, kuti mapapo asaphulike. Ndinatulukira pamwamba nditamwa madzi, magazi akutuluka m'mphuno. Palibe amene anandinyamula, palibe amene anandikoka. Ndinatuluka ndekha.

Mantha ake sindiwo andipangitsa kulemba kalatayi. Munthu akamamira sadziwa mayi ake, zimenezo tinaziphunzira m'kalasi. Ndili chigwirire chingwe cha boti, ndinkamudera nkhawa iyeyo, kuti kodi ali bwanji pansipo.

Anatuluka bwinobwino pamodzi ndi Aphunzitsi, magalasi atavala, mathanki onse ali nawo. Titakwera m'boti, anthu onse a kosi ali pomwepo, Aphunzitsi anafunsa kuti, "Chachitika n'chiyani?" Ine ndinali ndikutsokomolabe. Ndinamuyang'ana kuti ayankhe. Ndinkaganiza kuti ati pepani, zinandisokonekera.

Iye anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musamukalipire. Ndi za magalasi zomwe zija. Madzi atangomukhudza m'mphuno, basi. Ndinamupatsa chopumira, anachikankha. Ndinayesa kumugwira mwendo kuti asathamange kukwera, koma anandipulumuka."

Kenako anavula thaulo lake n'kundifunditsa.

Achemwali, thaulo limenelo limandiwawa kuposa madzi amene ndinamwa. Ndikanatsutsa, ndani akanandikhulupirira? Onse ankakumbukira za m'dziwe muja. Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mtsogoleri sathawa. Udzabwerezanso." Dalaivala anamuyesanso tsiku lomwelo ndi munthu wina, ndipo poti anali atadziwa pomwe pali minga, anakhoza. Anamupatsa setifiketi yake anthu akuomba m'manja, nanenso ndinaomba.

Ndinadziuza kuti anachita manyazi pagulu, tikakhala awiri adzanena zoona. Ndinadikira. M'malo mwake nkhani ija inayamba kukula. Ndinkamumva kuseri kumene timatsukira zida akuifotokozera anzake, akutuzula maso kutsanzira ine, manja akupalasa m'mwamba. Tsiku lililonse inkawonjezekera mchira. Woyendetsa boti, bambo wina wamkulu wa chimimba amene kuseka kwake kumamveka mpaka kumsewu, ndiye anandipatsa dzina loti Mpira, akuti ukaukankhira pansi pa madzi umabwerera wokha. Dzinalo linagwira. Ngakhale mayi wosesa ankati, "Mwadzuka bwanji a Mpira?" Ine n'kumamwetulira.

Lamlungu masana Dalaivala anabwera kuchipinda kwanga. Ndinali ndikusita malaya ake oyera, amene amavala akamakatenga alendo. Anakhala pabedi n'kumasewera ndi foni. Ndinaika simbi pansi, ndinatseka chitseko, n'kunena kuti, "Pano tili awiri. Palibe Aphunzitsi, palibe anzako. Sindikauza munthu. Ndikungofuna undiuze ineyo kuti sunandibwezere chopumira."

Anati, "Iwe, zatha zija. Bwanji ukufukula zakale?"

Ndinati, "Sizinathe. Unandikankha."

Anandiyang'ana m'maso, nkhope ili phee, nati, "Mayi, munthu akachita mantha amaona zinthu zambiri. Ine sindikukumbuka choncho. Koma usadandaule, sindinakusunge kumtima."

Mwamva? Iyeyo ndiye sanandisunge kumtima! Ndinatenga simbi n'kumaliza kusita malaya aja, kolala ndi manja omwe, chifukwa sindinadziwe choti ndichite ndi manja anga. Anthu amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ine ndinkayesa amanena za anthu ena.

Mawa lake ndi pamene munandiimbira. Apo ndinadziwa kuti wafika mpaka kwanu ndi kwa amayi, ndipo kuti m'nkhani ya kumeneko anachita kundivuula ndi manja ake. Anathamangira kukatseka pakhomo pamene ndikanakalirira. Sindikukuimbani mlandu, munthuyo amalankhula mokoma, ngakhale ine pena ndinkadzifunsa ngati mutu wanga uli bwino. Koma chinandipweteka n'choti simunandifunse n'komwe kuti, nanga iwe ukuti bwanji?

Dzulo linali tsiku lobwereza mayeso. Titafika pamalo paja, boti litaima, Aphunzitsi anati, "Mnzako ndi yemwe uja, poti mumadziwana." Dalaivala anali atavala kale, akumwetulira. Anabwera kudzayang'ana zida zanga monga mwa lamulo. Anakoka malamba, anatsegula thanki, anandisisita paphewa, nati mokweza kuti onse amve, "Lero usandithawe, wamva?" Anthu anaseka.

Ndinayang'ana manja ake ali pa jekete langa. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Aphunzitsi, ndi uyu sindilowa."

Iye anaseka kaye, kenako anandinong'oneza kuti, "Ukundichititsa manyazi. Anthu aganiza chiyani?" Atatembenukira kwa Aphunzitsi anati, "Mwaona? Mantha omwe aja. Mufunseni chifukwa chake."

Aphunzitsi sanakweze mawu. Anati, "Sindimufunsa. Pantchito ino munthu aliyense akhoza kukana kulowa m'madzi, tsiku lililonse, ndi munthu aliyense, ndipo safunsidwa chifukwa. Iwe Dalaivala, vula zida, ukhale pansi." Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza woyendetsa boti, amene nayenso ali ndi masetifiketi ake akalekale. "Bambo, valani."

Pa anthu onse, andipatse mwini dzina la Mpira! Anavala akung'ung'udza kuti jekete lamuchepera pamimba. Tinatsika, tinagwada, tinayamba. Bambo amene uja, amene sanandilonjezepo kanthu, amene sadziwa n'komwe kumene ndimagona, ankakoka mpweya kawiri n'kundiika chopumira m'dzanja, n'kudikira mpaka aone kuti ndaluma. Titavula magalasi, matope anavundukanso, osaona kanthu. Ndinatambasula dzanja mumdimamo ndipo chopumira chinali pomwepo, chikundidikira. Nthawi iliyonse chinali pomwepo. Ndinalira pansi pa nyanja, Achemwali, ndipo ubwino wake kumeneko misozi sioneka. Ndi pamene ndinamvetsa kuti chimene ndinkapempha kwa mwamuna wanga sichinali chachikulu, mlendo anandipatsa osaganizira kawiri.

Tinamaliza zonse, ine nditavala chijekete chake, iye atapanikizika m'kajekete kanga. Titakwera m'boti bambo uja anapukuta nkhope. Kenako anati, "Amene uyu ndi mwala. Mpira ndinautenga kuti ine?" Anatembenuka n'kumuyang'ana Dalaivala, ndipo Dalaivala anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake.

Ndakhoza, Achemwali. Mng'ono wanu ndi mtsogoleri wa pansi pa madzi. Nditalandira setifiketi ndi pamene ndinawafotokozera Aphunzitsi zonse, chifukwa ndikananena poyamba zikanaoneka ngati ndikudzikometsera, komanso chifukwa Dalaivala azitenga ana a eni ake kupita nawo pansi. Anangoti, "Ndamva. Abwereza ndi ine." Za kumeneko ndazisiya m'manja mwawo.

Poweruka ndinamupeza Dalaivala pamalo oimika magalimoto akupukuta galasi la minibasi. Ndinamupatsa mphete yake. Anati, "Ukwati uthe chifukwa cha masewera a m'madzi?" Ndinati, "Ukanati unachita mantha, bwenzi pano ndikukusitira malaya." Ndinaimabe pang'ono, chifukwa ngakhale pamenepo akanangonena, sindikudziwa kuti ndikanatani. Anayang'ana mpheteyo, anayang'ana ngati pali amene akutiona, nati, "Ndiye anthu ndikawauza chiyani?" Ndinamuuza kuti pa zimenezo sasowa thandizo.

Musaganize kuti ndalimba mtima. Minibasi yake ikamalowa pageti ndimaizindikira kulira kwake ndisanaione, ndipo lero m'mawa dzanja langa linathamangira kukonza tsitsi lisanakumbuke. Ndimamukondabe, ndipo zikundinyansa kuti ndi choncho. Koma banja ndi kupatsirana chopumira moyo wonse, pa matenda, pa ana, pa masiku amene zinthu zavunduka. Ine ndamuona kale mmene amachitira, ndipo ndamuonanso mmene amafotokozera pambuyo pake.

Ndili ndi mapempho. Amayi muwauze ndinu, pamaso, osati pafoni, ndipo muwauze atakhala pansi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kuja. Amamukonda, adzati ndipirire, adzati mwamuna aliyense ali ndi chilema chake. Musawatsutse mwaukali, koma chonde inuyo musawonjezere mawu anu pa awo. Akakuimbirani iyeyo, mulandireni mwaulemu, mumvetsereni, mudzaseka ndithu. Mukatero mudzawerengenso kalatayi.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumbako, muwauze kuti suti imene ankadandaula kuti yawathina asaivutikirenso. Ana muwapsompsone. Wamkuluyo, amene ankayeserera kuyenda ndi maluwa pakhonde, mumuuze kuti amayi ake aang'ono akabwera adzamuphunzitsa kusambira, ndipo sadzamusiya dzanja.

Diresi imene mukundisokera isiyeni pomwe yafika, koma musaiphwasule. Ndibwera mu Disembala momwemo, poti tchuthi ndinapempha kale. Ndikufuna ndidzaivale kamodzi m'chipinda chanu, chitseko chili chotseka, mukundiona inu nokha. Tikatero mudzaidule, musokere ana.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati samva.